Nsawawa ya M'chipululu: Kuzindikira Duwa la Magazi la ku Australia

Akuluakulu akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu amenewa amakhudza ntchito zambiri za munthu, koma kulemera kwake kumaonekera bwino pa ntchito yozindikira zomera. Munthu waphuma akaona duwa amangoti ndi lofiira kapena ndi loyera, napitirira ulendo wake. Koma munthu wodekha amawerama, nawerenga timasamba take, nayang'ana tsinde, khoko ndi dothi limene chomeracho chaimapo, kufikira atadziwa mtundu wake ndi abale ake. Pa mndandanda wa nkhani za zomera za m'maiko akutali, ya sabata ino ikunena za duwa la m'zipululu za dziko la Australia limene pa Chingerezi amalitcha Sturt's Desert Pea, ndiko kunena kuti nsawawa ya m'chipululu ya Sturt. Akatswiri a zomera amalidziwa ndi dzina la Chilatini lakuti Swainsona formosa.

Wina angafunse kuti kodi mwana wa sukulu wa ku Ntchisi kapena ku Mulanje apindulanji pophunzira za duwa limene mwina sadzaliona ndi maso moyo wake wonse. Yankho lake ndi lakuti duwali ndi mbale weniweni wa nandolo, khobwe, nzama ndi mtedza zimene zili m'munda wa makolo ake, kotero kuti amene waphunzira kulizindikira waphunziranso kuwerenga zizindikiro za banja lonse. Ndiponso pakati pa abale a duwali pali ena amene amapha nkhosa ndi ng'ombe. Motero kudziwa kusiyanitsa chomera china ndi chinzake si nkhani ya m'kalasi mokha ayi. Kwa mlimi wa ziweto ndi nkhani ya chuma chake.

Banja la nyemba ndi zizindikiro zake

Zomera zili ndi mabanja monga momwe anthu alili ndi mafuko. Banja la nyemba, limene akatswiri amalitcha Fabaceae, lili ndi mitundu yoposa 19,000, ndipo ndi lachitatu pa kukula mwa mabanja onse a zomera zochita maluwa. M'banja limeneli muli zomera zazing'ono zoyanga pansi, muli zitsamba monga nandolo ndi ombwe, muli zokwera monga kalongonda ndi chitedze, ndiponso muli mitengo ikuluikulu monga mlombwa, msangu ndi bwemba.

Chizindikiro choyamba cha banjali ndi khoko. Chomera chilichonse cha fuko limeneli chimasunga njere zake m'khoko, njerezo zitandandalikana mumzere umodzi, ndipo makoko ambiri akauma amang'ambika mbali ziwiri. Chizindikiro chachiwiri ndi tsamba, limene kawirikawiri silikhala limodzi lathunthu koma logawika m'timasamba tingapo pa kamphindi kamodzi. Chachitatu, chimene chimaoneka mwa nyemba, nandolo, nsawawa ndi abale awo apafupi, ndi kapangidwe ka duwa. Duwa lotere lili ndi timasamba tisanu tosafanana. Kapamwamba ndi kakakulu ndipo kamaima ngati mbendera. Tiwiri ta m'mbali timakhala ngati mapiko. Tiwiri ta pansi tidalumikizana n'kupanga kanthu konga bwato. Munthu akatsegula bwatolo ndi chikhadabo amapezamo tiulusi 10 tonyamula mungu, ndipo mwa zomera zambiri za gulu limeneli tiulusi 9 timakhala togwirana pamodzi, kamodzi kali pakokha.

Chizindikiro chachinayi chili pansi pa nthaka. Pa mizu ya zomera zambiri za banjali pamakhala timfundo ting'onoting'ono, ndipo m'timfundomo mumakhala mabakiteriya amene amatenga mpweya wa nayitulojeni ndi kuusandutsa chakudya cha chomeracho. Mpweya umenewu ndi magawo 78 pa magawo 100 alionse a mpweya umene anthu amapuma, komabe chimanga sichingathe kuugwiritsa ntchito pachokha. Akatswiri awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, ndiwo adatsimikiza ntchito ya timfundoti m'zaka za 1886 mpaka 1888. Ichi ndicho chifukwa chake munda umene mudali mtedza chaka chatha umapatsa chimanga chobiriwira chaka chino, ndipo ndi chifukwa chomwecho nsawawa ya m'chipululu imatha kukula pa mchenga wosauka umene zomera zina zimaukana.

Maonekedwe a duwali

Amene afuna kuzindikira nsawawa ya m'chipululu ayambire pa kakulidwe kake. Chomerachi sichiima chilili ngati nandolo. Nthambi zake zimachokera pa tsinde limodzi n'kuyanga pansi mbali zonse monga amachitira maungu, ndipo zikapeza chinyontho chokwanira zimatalika mamita awiri kapena kuposerapo. Kuchigawo cha Pilbara, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, kumapezeka zina zimene zimadzuka pang'ono, koma zambiri ndi zokwawa.

Masamba ake ndi obiriwira motuwa. Tsamba lililonse ndi logawika m'timasamba pafupifupi 15, tokhala tiwiritiwiri moyang'anizana, kamodzi kali kunsonga. Amene adaonapo tsamba la ombwe sangavutike kuliganizira. Nthambi ndi masamba omwe ndi zokutidwa ndi ubweya wofewa wotuwa, umene umachepetsa ukali wa dzuwa ndi kutchinga mphepo youma kuti isamwe madzi a m'tsamba.

Koma chimene chimaimitsa munthu wa paulendo ndi duwa lenilenilo. Pa nthambi zoyangazo pamadzuka timapesi tatifupi toongoka, ndipo pansonga pa kaphesi kalikonse pamakhala maluwa asanu, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, atazungulira ngati anthu okhala pa bwalo, aliyense atayang'ana kunja. Duwa limodzi limatalika pafupifupi masentimita 9, kutalika kwa chala chapakati cha munthu wamkulu. Mtundu wake ndi wofiira kuti psuu ngati magazi. Mbendera yake ndi yaitali, yosongoka, yoloza kumwamba. Bwato lake nalonso ndi lalitali ndi losongoka, koma lolendewera pansi. Mapiko ndi aang'ono, osaonekera msanga. Patsinde pa mbenderapo, pakati penipeni pa duwa, pali chotupa chakuda bii, chonyezimira ngati diso la nyama. Chotupa chimenechi ndicho chidindo cha duwali, pakuti m'dziko lonselo mulibe duwa lina lakuthengo lokhala ndi kufiira, msinkhu ndi diso lotere pamodzi.

Komabe wozindikira zomera asadalire mtundu wokha. M'madera ena a kumpoto muli nsawawa za m'chipululu zimene diso lake ndi lofiirira, osati lakuda. Ndipo mwa apo ndi apo mumapezeka zina za maluwa oyera kapena ofiira motumbuluka. Zikatero munthu abwerere ku kapangidwe: mbendera yoloza kumwamba, bwato lolendewera, chotupa pakati, masamba aubweya ndi nthambi zoyanga. Duwa likafota pamabwera khoko lolimba, lotalika pafupifupi masentimita 5, lokhala ndi njere zambiri zazing'ono, zaphwatalala, zooneka ngati impso.

Zomera zimene zimasokoneza

Pali zomera zitatu zimene zasokonezapo anthu. Choyamba chimasokoneza ndi dzina lokha. Chigawo cha Northern Territory chili ndi duwa lake lotchedwa Sturt's Desert Rose, limene lili pa mbendera ya chigawocho. Dzina la Sturt lilipo, mawu akuti chipululu alipo, koma chibale palibe. Limenelo ndi chitsamba choima chilili, mbale wa thonje, ndipo duwa lake ndi lotambasuka ngati mbale yodyera, la timasamba tisanu tofanana, totuwa mofiirira. Amene adaonapo duwa la thonje kapena la therere angalizindikire nthawi yomweyo.

Chachiwiri ndi chitsamba cha ku New Zealand chotchedwa Clianthus puniceus, chimene maluwa ake ofiira amaoneka ngati mlomo wa chinkhwe. Ichi ndi cha banja la nyemba ndithu, ndipo chidanyenga akatswiri kwa zaka zoposa 150, mpaka nsawawa ya m'chipululu idalembedwa m'kaundula mmodzi ndi icho. Koma chitsambachi chimakula kupitirira msinkhu wa munthu, maluwa ake amalendewera m'magulu ngati nthochi, alibe diso lotupa, ndipo kwawo ndi kwa mvula yambiri.

Chachitatu, chimene chili choopsa, ndi gulu la abale ake enieni. Fuko la Swainsona lili ndi mitundu yoposa 80, pafupifupi yonse ya ku Australia komweko. Yambiri ili ndi maluwa aang'ono, ofiirira kapena otuwa mofiirira, ondandalikana pa phesi lalitali. Ina mwa iyo, monga Swainsona greyana ya m'mbali mwa mtsinje wa Darling ndi Swainsona canescens, imadwalitsa ziweto zikaidya kwa masabata angapo. Nkhosa yodwala imaonda, imayenda dzandidzandi ngati yoledzera, imanjenjemera mutu, maso ali tong'o, ndipo pamapeto pake imafa. Mu 1979 akatswiri a ku Western Australia adapeza ululu umene umachita zimenezi, nautcha swainsonine potsata dzina la fukolo. Ululuwo umatsekereza ntchito ina ya m'thupi yophwanya zotsalira za shuga, kotero kuti zotsalirazo zimaunjikana mu ubongo ndi m'mitsempha. Patapita zaka kudadziwikanso kuti wopanga ululuwo ndi kabowa kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'kati mwa chomeracho. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mlimi wa nkhosa wa kumeneko amene sadziwa kusiyanitsa nsawawa zakuthengo, makamaka zisadachite maluwa, akhoza kutaya khola lonse pa nyengo imodzi.

Kwawo kwa duwali

Chomera sichidziwika ndi thupi lake lokha. Malo amene chamera ndi umboni winanso. Dziko la Australia ndi lalikulu kuwirikiza Malawi pafupifupi ka 65, ndipo magawo 7 mwa magawo 10 a dzikolo ndi ouma kapena oumirapo. M'katikati mwake muli zipululu zikuluzikulu monga Great Victoria, Great Sandy, Gibson ndi Simpson. Kutentha kwa kumeneko si kwa masewera: pa 2 Januwale 1960 pa tauni ya Oodnadatta padatentha kufika madigiri 50.7. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku umazizira mpaka madzi kuundana. Popeza dzikolo lili kumwera kwa dziko lapansi monga Malawi, miyezi yake yotentha ndi yozizira imagwirizana ndi ya kuno.

Nsawawa ya m'chipululu imamera mwachilengedwe m'zigawo za South Australia, Western Australia, Northern Territory, kumadzulo kwa New South Wales ndi kumadzulo kwa Queensland. Apaulendo amaiona m'mapiri a Flinders, kufupi ndi mzinda wa migodi wa Broken Hill, m'mbali mwa msewu wopita ku Coober Pedy ndi Alice Springs, ndiponso ku Pilbara mpaka kugombe la nyanja yamchere. Madera ambiri mwa amenewa salandira mvula yoposa mamilimita 250 pa chaka. Kuti chiwerengerochi chimveke, Lilongwe amalandira mvula yoposa imeneyi katatu, ndipo ngakhale chigwa cha Shire, chimene chimatchuka ndi chilala, chimalandira yoposa kawiri.

Komabe si paliponse m'chipululu pamene duwali limamera. Pamwamba pa zitunda za mchenga wouluka silipezeka kawirikawiri. Limakonda zidikha za dothi lofiira la mchenga kapena la timiyala, nkhalango zapatalipatali za mitengo yaifupi, ndipo koposa zonse limakonda m'mbali mwa makwawa ouma. Madzi saiwala khwawa, ndipo duwali nalonso siliiwala pamene madzi adadutsa. Pachifukwa chomwechi limachuluka m'ngalande za m'mphepete mwa misewu, kumene madzi a pamsewu amatsikira ndiponso kumene makina okonza msewu amagalauza nthaka. Limafuna dzuwa la tsiku lonse ndi dothi losasunga madzi. Pamthunzi ndi pa dothi lamakande lodikha madzi limavunda mizu.

Nzeru zake zokhalira moyo

Chinsinsi cha chomerachi chili mu njere. Khungu la njere yake ndi lolimba kwambiri kotero kuti madzi salowa msanga. Njereyo ikhoza kugona mumchenga zaka zambiri osafa ndiponso osamera. Kamvula kowaza sikaidzutsa, ndipo m'menemo ndimo muli chipulumutso chake, pakuti ikadamera ndi kamvula kotere mmera ukadapsa sabata isadathe. Kutentha kwa usana, kuzizira kwa usiku ndi kukhulika ndi mchenga madzi akamathamanga m'khwawa, ndizo zimafooketsa khungulo pang'onopang'ono. Tsono mvula yeniyeni ikagwa, njere zimene khungu lake lafooka zimamera, pamene zina zimatsala kudikira chaka china. Motero mbewu yonse siithera pa nyengo imodzi.

Mmera ukangotuluka, ntchito yake yoyamba ndi kutsitsa muzu umodzi wautali kutsata chinyontho chimene chikuthawira pansi. Pambuyo pake nthambi zimayanga, ndipo pakatha miyezi inayi kapena kuyandikira apo maluwa amayamba. M'madera a kumwera amaoneka kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, koma wolamula weniweni ndi mvula, osati kalendala. Chaka china chidikha chimafiira ngati pagwa moto. Chaka chotsatira pamalo omwewo palibe ndi tsamba lomwe. Zomera zambiri zimafa chilimwe chikafika pachimake, zitasiya njere zawo m'nthaka.

Kapangidwe ka duwa nakonso kali ndi chifukwa. Maluwa a nandolo ndi khobwe amachezeredwa ndi njuchi, koma duwa lalikulu lofiira lopanda fungo kawirikawiri limaitana mbalame. Alendo a duwali ndi mbalame zotchedwa honeyeater, zimene zimamwa timadzi totsekemera ta m'maluwa monga amachitira choso. Mbalame imatera pa kaphesi kolimba kaja, nilowetsa mlomo pansi pa diso lakuda pofuna timadzito. Potero imakankha bwato, ndipo mungu umatuluka kunsonga n'kupakika pa nthenga zake. Ikafika pa duwa lina imasiyako munguwo. Motero chipululu chopanda mbalame chikadakhala ndi makoko ochepa.

Alimi a maluwa amene amafuna kulidzala amatsanzira chipululu. Amakhula njere ndi pepala la mchenga la akalipentala, kapena kuziviika m'madzi otentha usiku wonse, monga momwe amachitira a zankhalango ndi njere za msangu asadazifese m'nazale. Amafesa pamalo pomwe chomeracho chidzakulire, pakuti muzu wake sufuna kuwokeredwa. Ndipo pofuna kupewa kuvunda kwa mizu kumaiko a chinyontho, ena amamezanitsa kammera kake pa tsinde la chitsamba china cha banja lomwelo, monga Colutea arborescens cha ku Ulaya.

Mbiri ya maina ake

Eni nthaka a dzikolo, amene azungu adawatcha Aaborijini, akhala kumeneko zaka zoposa 50,000, ndipo duwali adalidziwa kalekale mzungu asadaponde gombe lawo. Mafuko awo ali ndi zilankhulo zambiri ndi maina osiyanasiyana a duwali, ndipo nthano zina zimati lidaphuka pamalo pamene padakhetsedwa magazi a anthu osalakwa. M'zaka zaposachedwapa ena ayamba kulivala pokumbukira makolo awo amene adaphedwa pa nthawi imene atsamunda ankalanda dzikolo.

Mzungu woyamba kulithyola adali William Dampier, woyendetsa sitima ya pamadzi yotchedwa Roebuck, m'chaka cha 1699, pa chimodzi mwa zilumba zimene lero zimatchedwa Dampier Archipelago. Pobwerera kwawo sitimayo idamira pa chilumba cha Ascension mu 1701, koma iye adapulumutsa zomera zake zouma. Duwa limene adathyolalo likusungidwabe pa yunivesite ya Oxford ku England, patapita zaka zoposa 300.

Dzina la Sturt lidabwera pambuyo. Charles Sturt adanyamuka ku Adelaide mu Ogasiti 1844 ndi gulu la anthu, nkhosa, ngolo ndi bwato, pokhulupirira kuti pakati pa dzikolo pali nyanja yaikulu. Nyanjayo sadaipeze. Chilala chidawatsekera pa dziwe lina lotchedwa Depot Glen kuyambira Januwale mpaka Julayi 1845, ndipo wachiwiri wake, James Poole, adamwalira komweko ndi matenda otupitsa nkhama amene amadza chifukwa chosowa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Sturt adabwerera ku Adelaide mu Januwale 1846 ali wofooka kwambiri. M'buku la ulendo wake, limene lidasindikizidwa mu 1849, adasimba za duwa lofiira limene adaliona m'zidikha zouma, ndipo kuyambira pamenepo anthu adalilumikiza ndi dzina lake. Bwato lidapita pachabe, koma duwa lidasunga mbiri ya mwini bwatolo.

Dzina la Chilatini nalo lasintha kangapo. Mu 1832 George Don adalitcha Donia formosa. Mu 1835 lidaikidwa m'fuko la chitsamba cha ku New Zealand chija n'kutchedwa Clianthus dampieri. Mu 1950 lidakhala Clianthus formosus, potsata lamulo la akatswiri lakuti dzina limene lidayamba kulembedwa ndilo likhale. Mu 1990 mayi Joy Thompson, katswiri wa ku Sydney, atapenda bwino makoko, ubweya ndi ziwalo zina, adaonetsa kuti abale ake enieni ndi a fuko la Swainsona, ndipo kufanana kwake ndi chitsamba cha ku New Zealand kudangobwera chifukwa zonse ziwiri zimaitana mbalame. Mu 1999 katswiri wina, Alex George, adapempha kuti lipatsidwe fuko lakelake la Willdampia, koma ambiri sadamutsate. Mawu akuti formosa atanthauza chokongola, ndipo Swainsona akumbutsa Isaac Swainson, amene adali ndi munda wa zomera ku Twickenham, kufupi ndi London. Phunziro lake ndi lakuti kufanana nkhope si chibale, ndipo sayansi sichita manyazi kukonza dzina umboni watsopano ukapezeka.

Zimene zikuopseza malo ake

Pa 23 Novembala 1961 boma la South Australia lidasankha duwali kukhala chizindikiro cha chigawocho. Lero ndi lotetezedwa ndi lamulo: kulithyola pa malo a boma popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pa malo a munthu pamafunika chilolezo cha mwini malo. Lamuloli lili ndi maziko ake. Duwa lothyoledwa silibala khoko, ndipo khoko likasowa nkhokwe ya njere ya m'nthaka imachepa. Popeza zaka za mvula yabwino ndi zapatalipatali, chaka chimodzi chotayika ndi chachikulu.

Mtundu wonsewo suli pafupi kutha, pakuti udafalikira dera lalikulu, koma malo ake akusintha. Mu 1859 Thomas Austin adamasula akalulu a ku Ulaya ochepa chabe pa famu yake kufupi ndi Geelong, ndipo pasadathe zaka 50 adali atadzaza mbali yaikulu ya dzikolo. Akalulu amenewa, pamodzi ndi mbuzi ndi ngamila zolowerera kuthengo, ndiponso nkhosa ndi ng'ombe za m'mafamu, zimadya mmera wa zomera za m'chipululu usadabale. Mdani wina ndi udzu wotchedwa buffel, umene kwawo ndi ku Africa ndi ku Asia. Udadzalidwa kuti ukhale msipu wa ng'ombe, koma udalowerera m'makwawa momwe muja mumakonda maluwa akuthengo. Umamera mothinana, umalanda chinyontho, ndipo ukauma umayaka moto waukali umene zomera za kumeneko sizidauzolowere. Mu 2015 boma la South Australia lidaulemba m'gulu la zomera zoononga. Chimene chili chakudya cha ng'ombe kwina chasanduka mliri kwina.

Ntchito ya mphunzitsi ndi wophunzira

Mphunzitsi wa sayansi safunika kudikira ulendo wa ku Australia kuti aphunzitse zimenezi. Nandolo akachita maluwa, ana atenge duwa limodzi aliyense, alipatule mosamala, apeze mbendera, mapiko ndi bwato, nawerenge tiulusi ta mungu. Azule khobwe kapena mtedza ndi dothi lake, atsuke mizu, aone timfundo. Akadula kamodzi n'kupeza m'kati muli mofiirira, adziwe kuti mabakiteriya ali pa ntchito. Afese njere za msangu m'magulu awiri, zina zokhula khungu, zina zosakhula, nalembe tsiku limene gulu lililonse lamera. Pambuyo pake aone chithunzi cha nsawawa ya m'chipululu, ndipo iwo okha adzaloza mbendera ndi bwato lake.

Wophunzira amene wamaliza sukulu ndipo ali ndi chidwi ndi zomera azolowere kufunsa mafunso asanu pa chomera chilichonse chachilendo. Kodi chimakula choima, chokwawa kapena chokwera? Tsamba lake ndi lathunthu kapena logawika, losalala kapena laubweya? Duwa lili ndi timasamba tingati, tofanana kapena tosiyana? Chipatso chake ndi chotani? Nanga chamera pa dothi lotani, mwezi uti, pafupi ndi zomera ziti? Mayankho awalembe m'kope pomwepo, pakuti mtima umaiwala. Ngati chomeracho n'chochuluka ndipo malowo ndi ololedwa, atenge kanthambi kokhala ndi tsamba, duwa ndi khoko, akapanikize pakati pa nyuzipepala zakale mpaka kaume, nalembepo tsiku ndi malo. Umu ndi momwe adachitira Dampier mu 1699, ndipo ndi momwe amachitirabe akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba. Safunsa adadya phula: chomera chimene sichikudziwika chisalawidwe, chisapatsidwe ziweto, koma chifunsidwe kwa akuluakulu a m'mudzi ndi kwa alangizi.

Nsawawa ya m'chipululu idalembedwa, kujambulidwa ndi kutetezedwa chifukwa padapezeka anthu amene adawerama n'kuiyang'anitsitsa. M'madambo, m'mapiri ndi m'nkhalango za miombo za dziko lino muli abale ake ambiri amene maina awo akudziwika ndi agogo okha, ndipo nkhalangozo zikutha chaka ndi chaka. Kope, pensulo ndi maso odekha ndi zida zokwanira kuti mnyamata kapena mtsikana ayambe kuwalemba, agogowo akadali ndi moyo ndiponso zomerazo zikadalipo.